Kachirombo Kodziwa Kukhala Chete

M'chaka cha 1988, ndili mu Sitandade 2 pasukulu ina ya kufupi ndi Chia, kummwera kwa boma la Nkhotakota, ndidali ndi mnzanga amene tinkagawana naye njerwa imodzi yokhalira pansi pa mtengo wa mango. Dzina lake sinditchula poti abale ake akadalipo. Tsiku lina m'mwezi wa February adabwera kusukulu tsaya lake lakumanzere litatupa pang'ono, ndipo ife anzake tidamuseka kuti wabisa bwemba m'kamwa. Aphunzitsi atamuyang'ana adati ndi dzino. Amayi ake adati ndi matsagwidi, atha okha. Koma sabata ziwiri zisadathe mano ake adayamba kugwedera ngati a nkhalamba, chotupa chija chidakwera mpaka kukankha diso, ndipo mnzangayo adaleka kubwera kusukulu.

Kwathu matenda othamanga chotere sakhala opanda mwini. Amalume ake adakaombeza, ndipo ula udagwera agogo ake aakazi, mayi wachikulire amene ankakhala yekha kuseri kwa mudzi. Mwana adamutema mphini tsaya lonse. Pamene adaganiza zopita naye kuchipatala, madokotala adawauza kuti nthendayo njofunika chipatala chachikulu, ndipo banjalo lidati lidikire kaye mpunga uche kuti lipeze ndalama ya basi. Mpunga udacha mwana ali kale kumanda. Agogo aja sadawalole kukhala nawo pasiwa.

Ine ndidakula, ndidalowa ntchito m'boma, ndipo zaka zambiri ndazithera mu ofesi yosunga mafayilo. Sindine dokotala. Koma nkhope ya mnzanga uja idandikakamira, mwakuti nditadziwa kuti chidamupha chimatchedwa khansa ya Burkitt, ndidayamba kuwerenga chilichonse chimene ndikadapeza chokhudza nthendayi. Ndidadabwa kupeza kuti mbiri yake idadutsa m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi, ndiponso kuti kachirombo kamene kamaipalasira moto kadali m'thupi mwa ana pafupifupi tonse amene tidamuseka tsiku lija.

Mbiriyi idayambira pachipatala cha Mulago mumzinda wa Kampala ku Uganda m'chaka cha 1957. Kumeneko kudali dokotala wa opaleshoni wochokera ku Ireland, dzina lake Denis Burkitt, munthu wa diso limodzi poti linalo lidawonongeka ali mnyamata. Mnzake wina adamuitana kuti adzaone mwana wa zaka 5 amene nsagwada zake zidatupa mbali zonse, zam'mwamba ndi zam'munsi zomwe. Patangopita masabata ochepa adaonanso mwana wina wotupa chimodzimodzi, koma uyu adalinso ndi zotupa m'mimba. Burkitt adakafukula mabuku akale a chipatala, ndipo mu 1958 adalemba za ana 38 amene adadwala nthendayi. Madokotala a ku Ulaya sadalabadire kwenikweni. Iye sadagwe ulesi. Adasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwalawo n'kutitumiza kuzipatala za boma ndi za mishoni mu Africa monse, kufunsa funso limodzi: kodi nthenda iyi mumaiona kwanuko?

Mayankho adasonyeza kuti nthendayi ili ndi malire ake, ngati dziko. Pofuna kuwaona malirewo ndi maso, m'mwezi wa October 1961 Burkitt ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, adakwera galimoto yakale ya mtundu wa Ford n'kuyenda ulendo wa masabata 10, mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, kuchokera ku Kampala mpaka ku South Africa n'kubwerera, akuima pazipatala zoposa 50. Apa n'kuti patatha zaka 100 ndendende chifikire David Livingstone pagombe la Nkhotakota mu 1861. Dziko lathu, limene panthawiyo linkatchedwa Nyasaland, lidawapatsa umboni wooneka bwino chifukwa cha mmene lidakhalira: nyanja pansi, mapiri pamwamba, zonse moyandikana. Adapeza kuti ana odwala ankachokera makamaka m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, pamene kumapiri kozizira nthendayi idali yosowa. Kufupi ndi Uganda malire adali pa msinkhu wa mamita pafupifupi 1,500, kuno kwathu adatsika kufika pa mamita pafupifupi 900, ndipo chakummwera adatsikirabe. Izi zidawauza kuti nkhani siidali kutalika kwa phiri ayi, koma kuzizira. Kumene kumazizira kwambiri nthendayi siifikako, ndipo kumene mvula ndi yochepa siifikakonso. Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500, ndiye Nkhotakota ndi madambo ake a mpunga adali m'kati mwenimweni mwa dziko la nthendayi.

Kodi ndi chiyani chimene chimakonda kutentha ndi chinyontho? Aliyense wogona ku Chia kapena ku Bua popanda neti akhoza kuyankha asadatsegule buku. Burkitt ndi anzake adaganiza kuti udzudzu ukufalitsa kachirombo kena koyambitsa khansa. Adalondola theka, n'kuphonya theka.

Akuluakulu adati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Miyezi ingapo ulendo uja usadachitike, pa 22 March 1961, Burkitt adakakamba za nthendayi pachipatala cha Middlesex ku London. Mwa anthu omvetsera mudali Anthony Epstein, katswiri amene ankafufuza tizirombo toyambitsa khansa mu nkhuku. Atamva za khansa yotsata nyengo, adasiya zina zonse n'kupangana ndi Burkitt kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupazo pandege. Kwa zaka zoposa ziwiri Epstein adasanthula tizidutswato ndi makina amphamvu oonera tinthu tating'ono, koma sadaone kachirombo ngakhale kamodzi. Kenaka mu December 1963 ndege ina idalephera kutera ku London chifukwa cha nkhungu, idakatera ku Manchester, ndipo katundu adafika mochedwa, madzi a m'botolo atachita mbuu ngati awonongeka. Atawayang'ana bwino adapeza kuti mbuuyo adali maselo a chotupa amoyo, amene adasansuka ndi kugwedezeka kwa ulendo n'kumayandama. Adawalera maselowo m'mabotolo pamodzi ndi Yvonne Barr, ndipo iye ndi Bert Achong atawaunikanso adaona mwa ena ochepa muli tizirombo ta mtundu wa herpes. Adalengeza zimenezi mu March 1964, miyezi yochepa dziko lathu lisadalandire ufulu. Ako kadali kachirombo koyamba kupezeka kuti kali ndi dzanja pa khansa ya munthu, ndipo mpaka lero kamatchedwa Epstein-Barr.

Chisangalalo sichidakhalitse. Werner ndi Gertrude Henle a ku Philadelphia atayamba kuyeza magazi a anthu a m'maiko osiyanasiyana, adapeza kuti kachiromboka kali paliponse, ku Africa ndi ku America komwe, mwa odwala ndi mwa athanzi. Lero tikudziwa kuti anthu aakulu oposa 90 mwa 100 aliwonse padziko lapansi ali nako. Sikafalitsidwa ndi udzudzu koma ndi malovu. Kuno kwathu ana ambiri amakatenga asadakwanitse zaka 3, kudzera m'chikho chomwera limodzi, m'chakudya chimene mayi watafunira khanda, m'nzimbe imene ana alumirana. Kakalowa sikatulukanso. Kali ndi abale ake okwana 7 kapena 8 m'banja la herpes amene amagwira anthu, ndipo ena mwa iwo timawadziwa bwino ngakhale sitidziwa kuti ndi apachibale: kamene kamayambitsa katsabola, ndi kamene kamatulutsa tizilonda pamilomo. Onsewa khalidwe lawo ndi limodzi, lolowa m'thupi n'kukhala duu moyo wonse wa munthu.

Apa padabuka mafunso awiri. Kachirombo kangabisale bwanji zaka 60 m'thupi lokhala ndi asilikali ochisaka usana ndi usiku? Nanga ngati tonse tili nako, bwanji chotupa chidasankha ana a kunyanja? Mayankho ake ali m'nkhani ya majini. Ndisadapitirire ndichenjeze anzanga a ku Linga ndi ku Kaombe kuti majini amene ndikunena pano si aja ogwira anthu n'kuwalankhulitsa malirime. Awa ndi malangizo a chibadwa olembedwa m'kati mwa selo lililonse la thupi.

Ine nkhaniyi ndidaimvetsa chifukwa cha ntchito yanga. Mu ofesi mwathu muli chipinda chotsekedwa mosungidwa mafayilo enieni, ndipo lamulo lake ndi lakuti fayilo yeniyeni siituluka. Wina akafuna zimene zili m'menemo, kalaliki amatsegula, amakopera tsamba lofunikalo, ndipo kopeyo ndiyo imapita kwa ogwira ntchito. Selo nalonso lili ndi chipinda chake chapakati mosungidwa DNA, yomangidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu. Jini ndi tsamba limodzi la malangizo m'mitolomo, ndipo munthu ali nawo majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000. Selo likafuna kupanga kanthu, kalaliki wake, yemwe ndi puloteni yapadera, amatera pamutu pa jiniyo n'kuikopera pa kachingwe kena kotchedwa RNA. Kope imeneyi imatuluka kupita kumene kumapangidwa mapuloteni, amene ndiwo amisiri ndi njerwa za thupi. Selo la m'diso ndi selo la m'chiwindi ali ndi mafayilo ofanana ndendende. Chimene chimawasiyanitsa ndi chakuti ili limatsegula mafayilo awa, ilo limatsegula ena. Aliyense amene adagwirapo ntchito m'boma akudziwa kuti mphamvu zenizeni sizili ndi wolemba fayilo, zili ndi amene amasankha fayilo yoti ikwere pa desiki lero ndi yoti igone m'kabati.

Kachirombo ka herpes kalibe akalaliki akeake okopera. Kamangobwera ndi fayilo yake, kuilowetsa m'chipinda chapakati cha selo, n'kusiyira akalaliki a mwini nyumba kuti aziikopera. Fayilo ya Epstein-Barr idawerengedwa yonse mu 1984 ku Cambridge, ndipo ili ndi zilembo pafupifupi 172,000 ndi majini oposa 80. Kakafuna kuswana sikatsegula majini onsewo nthawi imodzi. Robert Honess ndi Bernard Roizman a ku Chicago adasonyeza mu 1974, pogwiritsa ntchito kachirombo ka tizilonda ta pamilomo, kuti amatsegulidwa m'magulu atatu motsatana. Gulu loyamba ndi la akapitawo, amene ntchito yawo ndi kulamula kuti gulu lachiwiri litsegulidwe. Lachiwiri limakopera DNA ya kachirombo kambirimbiri. Lachitatu limapanga zigoba zoikamo DNA imeneyo, ndipo tizirombo tatsopano timatuluka selo lija n'kufa.

Koma kuswana kumachita phokoso. Puloteni iliyonse yachilendo imene selo lapanga, tizidutswa take timakaonekera kunja pakhungu la selolo, ndipo asilikali a m'thupi akaona amalipha lonse pamodzi ndi mlendo wake. Ndiye luso lalikulu la banja la herpes si kuswana ayi, koma kudziletsa. Epstein-Barr amalowa m'maselo oyera a magazi otchedwa B, aja amene amapanga zida zolimbana ndi matenda. Akangolowa, DNA yake imadzilumikiza nsonga ndi nsonga n'kukhala ngati chibangiri. Poyamba amatsegula majini opanga mapuloteni 9 okha, amene amanamiza selo kuti kwagwa nkhondo ndipo liyenera kuchulukana. Asilikali asadamupeze amayamba kutseka majiniwo, gulu ndi gulu, mpaka selo likafika popuma sipakhalanso puloteni yake ngakhale imodzi yooneka. Selolo likamagawika pawiri amatsegula jini imodzi yokha, yotchedwa EBNA1, imene ntchito yake ndi kukolowekera chibangiri chija ku makromozomu a munthu kuti chisatayike pogawanapo. Ndipo EBNA1 idapangidwa mwakuti selo limavutika kuidula tizidutswa toonetsa asilikali. N'chifukwa chake Epstein adayang'ana zaka zonse zija osaona kanthu. Kachirombo kadalimo pafupifupi m'chotupa chilichonse chimene ankalandira, koma kadali fayilo chabe yogona m'kabati, ndipo ndi m'botolo muja mmene maselo ochepa adakadzutsa.

Kutseka majiniku, mbali yaikulu amachita ndi mwini nyumba. Selo lili ndi njira yake yodindira majini amene silifuna kuti awerengedwe: limamata timfundo tina tating'ono pa DNA, n'kuikulunga zolimba pa mapuloteni monga mmene ife timamangira fayilo yakale ndi chingwe. Limachita chimodzimodzi ndi DNA ya mlendoyo, ndipo mlendoyo sakana, poti chidindo chimenecho ndicho chimamubisa. Chimene chidandiseketsa nditawerenga ndi ichi. Mu 1985 Jill Countryman ndi George Miller a ku Yale adapeza jini imodzi ya kachiromboka, BZLF1, imene payokha imatha kudzutsa majini ena onse. Patapita zaka kudadziwika kuti puloteni ya jini imeneyi imagwira bwino kwambiri pa DNA yodindidwa ija kuposa yosadindidwa. Loko amene selo lidakhoma ndi yemweyo amene kachirombo kamagwirapo potsegula chitseko. Nthawi ndi nthawi selo limodzi apa ndi apo limadzuka, tizirombo timatsikira m'malovu, n'kupita kwa mwana wina, mwini wake osamva ngakhale mutu kupweteka.

Kudzuka kumeneku tidakuona tonse ndi maso, kungoti sitidakudziwe. Munthu akadwala malungo aakulu n'kutuluka tizilonda pamilomo, kwathu amati malungo akutuluka, wachira ameneyo. Si malungo amene akutuluka. Ndi mbale wake wa Epstein-Barr amene amagona mu mfundo ya mitsempha ya kunkhope, ndipo kutentha kwa thupi kwamudzutsa.

Tsono malungo ndiwo theka limene Burkitt adaliphonya poyamba, ndipo iye mwini adadzavomereza kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ataona kuti mapu a chotupachi akugwirizana ndi mapu a malungo osatherapo, kuphatikizapo ku Papua New Guinea kutali uko. Udzudzu sunyamula kachiromboka, umanyamula chokasokoneza. Mwana wa kunyanja amadwala malungo mobwerezabwereza chaka chonse. Nthawi iliyonse maselo ake a B amachulukana mwaliwiro kuti apange zida, pomwe asilikali amene amalondera Epstein-Barr amafooka, ndiye maselo okhala ndi kachirombo amachuluka m'magazi. Kuti apange zida zoyenera mdani, maselo a B amachita chinthu choopsa chimene maselo ena sachita: amadula ndi kusokanso DNA yawoyawo pa majini opangira zidazo, pogwiritsa ntchito puloteni yotchedwa AID. Malungo amakolezera puloteni imeneyi. Ndipo kalaliki amene akudula ndi kumata mapepala mothamanga tsiku ndi tsiku, tsiku lina adzamata tsamba mu fayilo yolakwika.

Kulakwitsa kwake kudaoneka m'zaka za m'ma 1970, pamene akatswiri adapeza kuti m'maselo a chotupachi kachidutswa ka kromozomu 8 kasinthana malo ndi ka kromozomu 14. Mu 1982 kudadziwika kuti pa kachidutswako pali jini yotchedwa MYC, imene imalamula selo kuti likule ndi kugawika. Pamalo pake penipeni MYC imatsegulidwa mwa kanthawi n'kutsekedwanso. Koma pa kromozomu 14 imakagwera pansi pa mutu wa majini opanga zida, fayilo imene m'selo la B siichoka pa desiki. Kuyambira pamenepo lamulo lakuti gawika limakoperedwa usana ndi usiku. Selo lotere limayenera kudzipha lokha, poti thupi lidaika msampha umenewo, koma Epstein-Barr, amene safuna kuti nyumba yake igwe, amathandiza kulepheretsa kudziphako. M'zotupa za ana a ku Africa kuno kachiromboka kamapezeka pafupifupi 95 mwa 100 zilizonse, kali chete ndithu, katatsegula EBNA1 ndi tina tochepa. Maselo a khansa imeneyi amatha kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ili m'gulu la makhansa othamanga koposa mwa munthu. Imakonda ana a zaka zapakati pa 4 ndi 9, anyamata kuposa atsikana. Mnzanga uja adali ndi zaka 7. Kuti iyambe pafunika zinthu zitatu zikumane m'selo limodzi: kachirombo, malungo ndi tsoka la kumata kolakwika. N'chifukwa chake pasukulu yonse ija idagwira mwana mmodzi.

Umboni wina wa zimenezi udachokera kwathu konkuno. Mu 2008 Nora Mutalima ndi anzake adafalitsa kafukufuku wa ana a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo adapeza kuti ana amene magazi awo adasonyeza zizindikiro zambiri za Epstein-Barr ndi za malungo pamodzi adali pachiopsezo chochuluka pafupifupi ka 13 kuyerekeza ndi amene zizindikiro zonse ziwiri zidali zochepa. Adaonanso kuti nthendayi idali yocheperako m'mabanja ogwiritsa ntchito maneti. Pachipatala chomwecho Pulofesa Elizabeth Molyneux, mogwirizana ndi Peter Hesseling wa ku Stellenbosch, adakonza njira yochizira yoyenera dziko losauka ngati lathu: masiku 28 a mankhwala awiri akale, cyclophosphamide ndi methotrexate, amene mtengo wake sudafike madola 50 a ku America, ndipo ana pafupifupi theka ankachira. Kuthamanga kwa khansayi ndiko kufooka kwake, chifukwa mankhwalawa amapha maselo amene akugawika. Burkitt yemwe adaona zotupa zikusungunuka m'masiku ochepa kalelo m'zaka za m'ma 1960. Kunena kwina, mankhwala amene akadatha kupulumutsa mnzanga adalipo kale zaka 20 iye asadadwale. Chimene chidasowa ndi ndalama ya basi, ndi masabata amene adathera pa mphini.

Banja la herpes lidatiphunzitsanso kachiwiri, ndipo ulendo uno sadali ana okha. HIV idapezeka koyamba m'Malawi mu 1985. Pofika zaka za m'ma 1990, ndili ku sekondale, mawu akuti mashingozi adali atasanduka chigamulo cha imfa chonenedwa monong'ona. Mwamuna wa zaka 30 akatuluka matuza owotcha ngati moto mbali imodzi ya nthiti, anthu ankangoyang'anana. Ankati matuzawo akazungulira thupi n'kukumana, munthu wapita. Koma mashingozi kawirikawiri sadutsa pakati pa msana kapena pa chifuwa, chifukwa amatsata mtsempha umodzi. Ndi kachirombo ka katsabola komwe kaja kamene munthuyo adadwala ali mwana, kamene kadagona zaka 25 mu mfundo ya mitsempha pafupi ndi msana, ndipo kadzuka poona kuti alonda achepa. Si aliyense wa mashingozi ali ndi HIV, ukalamba nawo umafooketsa alonda, koma m'zaka zimenezo anthu sadalinso ndi nthawi yosiyanitsa.

Pambuyo pa mashingozi pankabwera madontho akuda pamiyendo ndi m'kamwa, miyendo n'kutupa n'kuuma gwa ngati mtengo. Iyi ndi khansa ya Kaposi, imene Moritz Kaposi adailongosola ku Vienna mu 1872. Idalipo kale kuno HIV isadabwere, koma inkayenda pang'onopang'ono pamapazi a amuna achikulire. Mu 1994 Yuan Chang ndi Patrick Moore a ku New York adapeza kuti nayonso ili ndi kachirombo kake ka herpes, msuweni wa Epstein-Barr. Kamafala kwambiri kudzera m'malovu, ndipo kuno ambiri amakatenga ali ana. Machenjera ake ndi omwewo: kali ndi jini yotchedwa LANA yokolowekera chibangiri chake ku makromozomu, ndi ina yotchedwa RTA yodzutsa majini ena onse. M'kaundula wa khansa wa dziko lino wa zaka za 2007 mpaka 2010, khansa ya Kaposi idatenga pafupifupi theka la makhansa onse a amuna. Chidabweza mliriwu si mankhwala opha kachiromboko. Ndi ma ARV, amene boma lidayamba kupereka mwaulere mu 2004. Asilikali a m'thupi akabwerera pantchito, kachirombo kamabwerera kukagona, ndipo mwa odwala ambiri amene nthenda siidafike patali madontho amazilala.

Mankhwala olimbana ndi herpes alipo, monga acyclovir amene adatuluka m'manja mwa Gertrude Elion ndi anzake m'zaka za m'ma 1970, ndipo amathandiza pa mashingozi munthu akafulumira. Koma kuti agwire ntchito amafuna puloteni ya m'gulu lachiwiri lija, imene kachirombo kamapanga pokhapokha kakamaswana. Kakakhala chete mankhwala amangodutsa. Mpaka lero palibe mankhwala ochotsa fayilo yogonayo m'thupi, ndipo katemera wa Epstein-Barr akadali m'manja mwa ofufuza. Epstein mwini adamwalira mu 2024 ali ndi zaka 102 asadamuone.

Ndiye pa zinthu zitatu zija, chimene tingachigwire ndi manja ndi malungo okha. Apa mpamene ine ngati mwana wa kunyanja ndimasowa mtendere. Walira mvula walira matope: madambo amene amatipatsa mpunga wa kilombero ndi omwewo amene amalera udzudzu, ndipo palibe wa ku Nkhotakota amene angasiye mpunga. Ntchito yopopera mankhwala m'makoma a nyumba idayambira m'boma lathu lino mu 2007, ndipo m'zaka zochepa udzudzu udayamba kupirira mankhwala oyambawo mpaka adachita kusintha. Maneti agawidwa kangapo konse. Koma ndikapita kumudzi ndimawapeza ena ali padoko akukokera tinsomba, ena atatchingira mbewu kudimba kuti nkhuku zisajomphe. Sindiwaweruza msanga asodziwo, poti njala ya lero imalankhula mokweza kuposa malungo a mawa. Chimene ndimadandaula n'chakuti pogawa manetiwo timangowauza za kutentha thupi ndi kuchepa magazi. Sindidamvepo wina akuuza mayi kuti neti imeneyo ikutchinjirizanso nsagwada za mwana wake, kapena kuti tsaya lotupa mosapweteka, mano n'kumagwedera, si la kwa sing'anga ndipo silidikira mpunga.

Agogo aja sadakhalitse pamudzi maliro atatha. Ana ankawathawa panjira, ndipo usiku wina anthu adagenda denga la nyumba yawo. Mlongo wawo adabwera kudzawatenga n'kupita nawo kwawo ku Ntchisi, kumtunda kozizira, pamwamba pa malire aja amene Burkitt adajambula pamapu ake. Amayi anga, amene ankawapatsa moni mobisa, adandiuza kuti pochoka adangonyamula mphasa ndi kamphika, ndipo adapempha kuti adutsire kumanda koma adawakaniza. Adamwalirira komweko mu 1993.